Nkhono ya pabwalo la ntchemberembaye: momwe ntchito yopenta labyrinth ikuyendera ku Salima

Juni, sabata yoyamba

Malo apezeka. Ndi bwalo lakale la ntchemberembaye pa boma la Salima, la konkire, lomwe atsikana analeka kusewerapo mizu ya kachere itatukula mbali yonse ya kum'mawa. Muyezo wake ndi uja wa bwalo lililonse la masewerawa, mamita 30.5 m'litali ndi 15.25 m'lifupi. Chigawo chapakati ndi chakumadzulo n'zolimba. Ming'alu ilipo, koma yoti n'kumata.

Kwa amene sanaionepo, labyrinth ndi njira imodzi yokha yopindidwa mozungulira ngati nkhata, yoyambira pakhomo n'kukathera pakati. Ilibe mphambano, ndipo munthu sangasochere. Musaisokoneze ndi zija za m'mabuku a ana zokhala ndi tinjira tambirimbiri totsekeka kumapeto. Apa munthu amalowa, amatsata njira mpaka pakati, n'kubwerera momwe anadzera. Ana a kuno ataona chojambula chake papepala anangoti "nkhono", ndiye dzinalo lakhazikika.

Mitundu yotchuka ndi iwiri. Wina ndi wa m'tchalitchi chachikulu cha Chartres ku France, womangidwa ndi miyala kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1200. Uli ndi mikombero 11, kukula kwake kukuyandikira mamita 13, ndipo njira yake imapitirira mamita 260. Ndi wokongola, koma kuti mikombero yonseyo ikwane pamalo otero njira inachepa, masentimita ngati 34 okha. Winawo ndi wakale kwambiri, wa mikombero 7, womwe umaoneka pa ndalama zachitsulo za ku Knossos pachilumba cha Crete komanso paphale ladothi lomwe linapezeka ku Pylos m'dziko la Greece, la cha m'ma 1200 Khristu asanabadwe. Tasankha wachiwiriwu. Umasiya njira yotakasuka, ndipo wonse umajambulika ndi misomali isanu ndi waya mmodzi.

Ganizo lopentanso ina pamsewu wa kumsika talisiya. Misewu ikuluikulu ngati M5 ndi M14 ili m'manja mwa bungwe loyang'anira misewu la Roads Authority, ndipo mzere woyera kapena wachikasu pamsewu uli ndi tanthauzo lake kwa madalaivala, sichoseweretsa. Ngakhale patinjira tam'tauni, matayala a kabaza ndi ngolo, kuphatikiza mchenga wa kuno, zingafufute penti mvula isanagwe. Kalata ya komiti yoyang'anira bwalo ilipo, a khonsolo adziwitsidwa, amfumu nawonso. Amayi amene amayanika mpunga pabwaloli tagwirizana nawo kuti mbali yakumadzulo ikhalabe yawo.

Juni, sabata yachiwiri

Masiku anayi athera pa tsache, bulashi ya waya ndi tchizulo. Palibe chooneka chomwe chachitika, ndipo odutsa ayamba kufunsa ngati pentiyo alipodi. Alipo, koma penti sagwira pafumbi, pamafuta, pandere kapena pachinyontho, ndipo zonse zinayi pabwaloli zinalipo.

Choyamba chinali kugogoda. Munthu mmodzi amayenda ndi hamala, kugogoda pang'onopang'ono phazi lililonse. Pamene pali polimba hamala imalira mokweza n'kudumpha. Pamene konkire inalekana ndi nthaka pamamveka ngati ng'oma. Malo atatu otere, aliwonse aakulu ngati lichero, tawazunguliza ndi choko, tawagumula, n'kuthiramo konkire yatsopano: muyezo umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga, itatu ya miyala ya kwale yaing'ono. Ming'alu taikulitsa kaye ndi tchizulo kuti matope alowe. Mukangomata pamwamba pa mng'alu wosakulitsa, chimatocho chimasweka ngati chigoba cha dzira pakatha mwezi. Matope ake ndi simenti umodzi ku mchenga itatu, mng'alu utanyowetsedwa kaye. Thumba limodzi la makilogalamu 50 lakwana n'kutsalako. Zigamba zonse zavundikiridwa ndi masaka onyowa kwa masiku 7, ndipo penti sayenera kuzikhudza mpaka patatha masiku 28, chifukwa simenti yaiwisi imatulutsa chinyontho ndi ukali womwe umadya penti kuchokera pansi.

Pamthunzi pomwe anyamata a kabaza wa njinga zamoto amaimika panali banga la oilo lotalika ngati mphasa. Madzi otentha ndi sopo waufa, kukwecha katatu masiku osiyana. Kuti mudziwe ngati mafuta achoka, dontheretsani madzi. Akalowa n'kudetsa konkire, pali bwino. Akakhala timibulu ngati patsamba la koko, kwechaninso. Ndere yakuda ya kungodya yakumwera yachoka ndi Jik, kapu imodzi ku makapu asanu a madzi, kenako kutsukuluza bwinobwino.

Tinathiranso ndowa khumi za madzi pabwalo lonse kuti tione komwe amathamangira. Chakumwera kwa chigawo chapakati anadikha, kuya ngati sentimita imodzi, n'kukhala mpaka masana. Penti akamamira m'madzi nyengo yonse ya dzinja amatukuka, ndiye nkhono yasunthidwa ndi mita imodzi ndi theka kuti thawalelo likhale kunja.

Mizere yakale ya mpira yapalidwa pomwe nkhono idzadutse: kabwalo kapakati ka masentimita 90 ndi mizere iwiri yodula bwalo patatu. Ikatsala, ngakhale yofuwirira, diso la woyenda limaitsatira.

Juni, sabata yachitatu: kuyesa penti

Podikira simenti, tapenta timizere titatu ta mita imodzi pakonkire yakale kumapeto kwa bwalo: ka penti wamadzi wa pakhoma, ka penti wamafuta wonyezimira wa pazitseko, ndi ka penti wolembera misewu. Patatha sabata tinakwecha ndi bulashi ndi madzi, kenako kutema timizere topingasa ndi lumo, kumatapo tepi n'kuisolola mwamphamvu. Wa pakhoma anasungunuka pokwecha pomwe. Wonyezimira anachoka ndi tepi ngati khungu, ndipo akanyowa amaterera moti mwana wothamanga angagwe chagada. Wa misewu sanasunthe.

Pogula penti wa misewu werengani pachitini kapena funsani wogulitsa. Mapenti ena achikasu a mtundu umenewu amakhala ndi mtovu, ndipo pano pazidzakhala ana opanda nsapato, ena okwawa. Tagula wolembedwa kuti alibe mtovu, chitini cha malita 5 choyera ndi china chachikasu, ndi thina (mankhwala osungunulira penti) amene chitini chomwecho chikutchula. Thina wongotola aliyense amatha kuundanitsa penti kukhala ngati chambiko.

Julayi, sabata yoyamba: kuyeserera padothi ndi laimu

Tisanakhudze konkire tajambula nkhono yonse padothi la m'mbali mwa bwalo la mpira wamiyendo, ndi laimu yemwe amathira m'mizere ya bwalolo. Zolakwa za padothi zimafufutika ndi tsache.

Muyezo wonse wagona pa ndodo imodzi ya nsungwi ya masentimita 80. Ndodo imeneyi ndi mtunda wochokera pakati pa mzere umodzi kufika pakati pa mzere woyandikana nawo. Mzere ukakhala wa masentimita 10, njira yopondamo imatsala ya masentimita 70. Nkhono ya mikombero 7 imakhala ndodo 15 m'lifupi ndi ndodo 13 ndi theka kuchokera kukhomo kufika kumsana, kutanthauza mamita 12 ndi 10.8. Pabwalo la mamita 15.25 pakutsala malo opitirira mita imodzi ndi theka mbali iliyonse, okwanira oonerera ndi ofuna kungodutsa.

Chiyambi chake ndi mbewu, kachithunzi kakang'ono komwe nkhono yonse imamera. Khomani zikhomo zinayi zopanga bokosi la ndodo 4 mbali zonse, ndiwo mamita 3.2. Ngodya zake zikhale zolunjika ndithu. Njira ya amisiri omanga ija ya 3, 4, 5 ikugwera bwino kwambiri pano: mamita 2.4 mbali imodzi, 3.2 mbali inayo, ndipo chingwe cholumikiza nsonga ziwirizo chikwane mamita 4.0. Mukatha yezani mopingasa kuchokera ngodya ina kufika ngodya yoyang'anana nayo. Mbali zonse ziwiri zipereke mamita 4.53. Zikasiyana ndi sentimita imodzi yokha, konzani pompo, chifukwa kupotoka kwa pambewu kumakula mukamapita kunja.

M'bokosimo jambulani mtanda wodula pakati, mkono uliwonse ndodo 2. M'zipinda zinayi zomwe mtanda wapanga jambulani kangodya konga chilembo L, kotalikira ndodo imodzi kuchokera ku mikono ya mtanda, msana wake utaloza pakati, mwendo uliwonse ndodo imodzi. Zikhomo zinayi zija ndiwo madontho a mbewu. Mukawerenga nsonga zonse zomwe zili m'mphepete mwa bokosi, za mtanda, za ma L ndi madontho, zikwane 16. Mauta 8 ndiwo amazilumikiza ziwiriziwiri.

Chikhomo chachisanu ndi pomwe ambiri amagwera, ifenso tinagwera pomwepo tsiku loyamba. Diso limafuna kuchikhoma pamutu pa mtanda chifukwa ndi pomwe pakuoneka pakati. Sipamenepo. Chimakhala pamzere wapamwamba wa bokosi, pakatikati pa mutu wa mtanda ndi nsonga ya L wakumanja: mamita 2.0 kuchokera kuchikhomo chakumanzere, 1.2 kuchokera kuchakumanja. Chikakhala pamutu pa mtanda, uta uliwonse umaphonya nsonga yake ndi masentimita 40, ndipo mumaona mizere ikuthera pakati pa njira.

Pachikhomo chachisanucho mangani chingwe chokhala ndi zizindikiro 8: pa mamita 0.4, 1.2, 2.0, 2.8, 3.6, 4.4, 5.2 ndi 6.0. Chilichonse chimajambula uta umodzi pamwamba pa bokosi. Ubwino wa mtundu uwu wa nkhono umaonekera chingwe chikatsika kupitirira mzere wapamwamba. Chimakola chokha pachikhomo cha pangodya, n'kufupika chokha, ndipo uta umapitirira mozungulira chikhomo chimenecho popanda kuyezanso. Tengani uta wakunja wa mamita 6.0. Kumanja ukakola chikhomo chapamwamba umatsala 4.8, ukakolanso chapansi umatsala 1.6, n'kukagwera ndendende paphazi la mtanda. Kumanzere umatsala 4.0, kenako 0.8, n'kukathera pansonga ya L wapansi wakumanzere. Mpata wa pakati pa nsonga ziwirizi ndilo khomo. Chingwe chikapanda kugwera pansonga yake, musakhotetse mzere ndi dzanja kuti ufike. Bwererani ku zikhomo, cholakwika chili kumeneko.

Kalumikizidwe kake n'kotere: mutu wa mtanda ku nsonga yoyandikana nayo kumanja, kenako nsonga yotsatira kumanzere ku nsonga yotsatira kumanja, osadumpha ngakhale imodzi. Madontho amaiwalika chifukwa ndi aang'ono. Mukadumpha dontho limodzi, pena pake njira imatsekeka ndipo pena pamatseguka mphambano.

Laimu anakhala masiku asanu mwera usanamuulutse. Zinakwanira kuti tione kuti khomo liyenera kuyang'ana kukanjira komwe anthu amadzera kuchokera kumsewu, osati kumpanda monga tinajambulira papepala.

Julayi, sabata yachitatu: choko pakonkire

Masiku 28 akwana. Kuyesa chinyontho: pepala la pulasitiki la masentimita 45 mbali zonse, lomatidwa ndi tepi m'mphepete monse, n'kulisiya usiku wonse mpaka m'mawa. Taika asanu, atatu pazigamba zatsopano. Anayi anali ouma. Pansi pa lachisanu, pachigamba chachikulu, panali thukuta ndipo konkire inada. Tadikira masiku ena anayi.

Pakonkire zikhomo ndi misomali ya konkire ya mainchesi atatu, yotsala kunja masentimita ngati 3 kuti chingwe chizikola. Pakonkire yakale msomali wokhoma ndi hamala umathetsula chibenthu, choncho taboola kaye timabowo ta mamilimita 6.

Vuto la tsiku limeneli linali chingwe. Cha nayiloni cha amisiri omanga chimatamuka. Pa mauta aang'ono sizioneka, koma pa uta wakunja, munthu wokoka mwamphamvu anafika mamita 6.07 pomwe mnzake wokoka mofewa anathera pa 6.0, ndipo pomwe anakumana pamsana pa nkhono panatuluka sitepe ya zala zinayi. Padothi laimu anabisa zimenezi chifukwa mzere wake ndi wonenepa. Waya womangira zitsulo satamuka, koma akapindika pamsomali sawongokanso. Chomwe chagwira ntchito ndi waya wamagetsi wofewa, uja wa tinsinga tambiri mkati, wa mamita 6.5, zizindikiro zake zomata ndi tepi yakuda n'kuziyezanso ndi tepi yachitsulo waya ali chikokere. Wojambula uta akhale mmodzi kuyambira koyamba mpaka kumapeto, ndipo wina aime pamsomali kuonetsetsa kuti waya wakola pansi penipeni, osakwera kumutu.

Waya amapereka pakati pa mzere, koma wopenta amafuna mphepete ziwiri. Tadula kathabwa ka masentimita 10, n'kuboola kuwiri kumapeto koikamo choko, ndi kamphako pakati komangirira waya. Kathabwako kakamayenda kamasiya mizere iwiri nthawi imodzi. Kayenera kuloza kumsomali nthawi zonse. Kakapendekeka mzere umaonda. Bokosi limodzi la choko latha, popeza konkire yokhakhala imadya choko ngati tupa.

Tisanatsegule chitini, anthu atatu osiyana ayenda njira yonse ya choko kulowa ndi kutuluka, mmodzi wa iwo mwana yemwe sanaoneko pepala. Onse anafika pakati osadumpha mzere.

Julayi, sabata yachinayi: kupenta

Chinthu chimodzi chomwe sichioneka msanga: makoma onse a nkhonoyi ndi mizere iwiri yokha yaitali yopingasana pamtanda, ndipo nsonga zake zinayi zimathera pamadontho anayi aja. Wina umadutsa pamtanda choimirira n'kukapanga khoma lakunja. Pa ndodo yathu ukutalika mamita 74. Winawo umadutsa chopingasa, mamita 69. Pamodzi ndi pafupifupi mamita 144, kapena malo okwana masikweya mita 14.4. Woyamba tapenta woyera, wachiwiri wachikasu. Kupatula kukongola, zathandiza kugawa ntchito, aliyense ndi chitini chake, osafunsana kuti mzere uwu ngwa yani.

Tepi yamapepala yomata m'mphepete tinaiyesa pa uta umodzi n'kuisiya. Ikanafunika yokwana mamita 290, pakonkire yokhakhala penti amalowa pansi pake, pamauta aang'ono imachita makwinya, ndipo ikawombedwa ndi dzuwa ola limodzi zomatira zake zimatsalira pansi. Abambo awiri olemba zikwangwani za m'magolosale anadula mphepete ndi dzanja potsata choko, mzere n'kutuluka woyera kuposa wa tepi. Ngati kwanuko kuli amisiri otere, apatseni ntchito imeneyi. Rola ya masentimita 10 imayenda bwino pamauta akuluakulu, kuyambira wa mamita 2.8 kupita kunja. Pa aang'ono, makamaka wa 0.4 ndi aja a 0.8, imatsetsereka kunja kwa choko, ndiye pamenepo ndi bulashi ya mainchesi awiri basi.

Yambirani pakati kupita kunja kuti musadzitsekere. Pamtanda pomwe mizere ikupingasana, woyera wadutsa wathunthu ndipo wachikasu waima mbali zonse ziwiri; kusanjika wina pa mnzake asanaumitsitse kumasungunula wapansi. Madontho anayi tawakulitsa potsata chivundikiro cha chitini cha masentimita 20, chifukwa nsonga ya mzere ikangothera chabe anthu saona kuti apa ndi pokhota.

Penti woyamba wasungunulidwa ndi thina, gawo limodzi pa magawo khumi, kuti alowe m'timabowo ta konkire. Wachiwiri wosasungunula. Woyera wadya malita 2 ulendo woyamba ndi 1.5 wachiwiri. Wachikasu sabisa msanga mtundu wa konkire, wafuna maulendo atatu: malita 1.8, 1.4 ndi 1.2. Amene akuwerengera zogula asakhulupirire kwambiri nambala ya pachitini, imakhala ya pamalo osalala. Pano lita imodzi yapenta masikweya mita osakwana 4 ulendo woyamba.

Nthawi yopenta ndi yochepa kuposa momwe tinkaganizira. M'ma 6 koloko m'mawa konkire imakhala ndi mame. Kuyambira cha m'ma 9 koloko sabata ino mwera umadzuka, kubweretsa mchenga ndi mankhusu a mpunga wa amayi aja. Lachiwiri tinakakamira mpaka 11 koloko, ndipo mamita asanu ndi limodzi a uta wachisanu anatuluka okhakhala ngati sandipepa, mankhusu atamatirira. Tawapala n'kubwereza. Kuyambira pamenepo ntchito ndi ya 7 mpaka 9 koloko, ndipo amayi anavomera kuyanika mochedwerapo masiku anayi amenewa. Masana sitipenta ngakhale mphepo itadekha. Ikani chikhato pakonkire: ngati simungapirire mpaka kuwerenga khumi, penti adzauma pamwamba asanagwire pansi, n'kutuluka timatuza.

Penti wa misewu amauma msanga, mphindi 20 mpaka 30 osamatanso chala, koma mbuzi sizidikira mphindi 20. Lachitatu zitatu zinadutsa pamzere woyera waiwisi n'kusiya mapazi mpaka kukhomo. Akadali aiwisi amachoka ndi kansanza konyowetsa thina. Ouma amafuna bulashi ya waya. Chingwe chozunguliza chimaletsa anthu okha. Pamafunika munthu woima ndi kamtengo mpaka penti aume. Thina ndi pentiyu zimayaka moto ndipo fungo lake limazunguza mutu, choncho wosuta fodya apite kutali, mbaula ya ogulitsa chimanga chootcha isayandikire, ndipo zitini zizikhala pamthunzi zotseka.

Ulendo wachiwiri wa penti unkabwera tsiku lotsatira. Bwalo latsegulidwa patatha masiku atatu chipentereni komaliza.

Ogasiti, sabata yachitatu

Milungu itatu anthu akuyendamo. Njira kuchokera pakhomo kufika pakati ndi mamita ngati 124, kupita ndi kubwera 248. Woyenda modekha amatenga mphindi zitatu kapena zinayi kuti afike pakati. Ana amathamanga osakwana mphindi imodzi, ndipo apanga kale masewera awo othamangitsana, wodumpha mzere watuluka, ngati paphada.

Mukawerenga mikombero kuchokera kunja, njira imayenda motere: 3, 2, 1, 4, 7, 6, 5, kenako pakati. Munthu akalowa amakhotera kumanzere n'kupezeka kale mumkombero wachitatu, kenako njira imamutulutsira kunja kawiri konse. Apa ndi pomwe ambiri amaima. Agogo ena atafika mumkombero wakunja anaima n'kufunsa mnyamata wosesa kuti, "Mwanawe, kodi sindinasochere? Pakati paja ndikungopatalikira." Iye anati, "Ayi agogo, pitirizani, njira ndi yomweyo." Funso limeneli labwera kambirimbiri moti ena akuti tijambule mivi pansi. Ife tikuona kuti mivi ingaononge chinthucho, popeza kukayika kumeneko ndi mbali ya kuyendako. Taika chikwangwani chaching'ono pakhomo chonena kuti njira ndi imodzi, kulowa ndi kutuluka.

Zofooka ziwiri za kapangidwe zaoneka. Pakati ndi popanikiza, masentimita 70 okha ngati njira ina iliyonse, moti anthu awiri akafika pamodzi wina amaima pamzere. Mtundu wa Chartres uli ndi pakati potakasuka, uwu ulibe, ndipo kukulitsa pakati pokha kumasokoneza mauta onse. Chachiwiri ndi chachikulu: njinga ya anthu aulumali imakwana movutikira m'njira ya masentimita 70, ndipo pokhota pamadontho imaponda mizere iwiri. Ya matayala atatu yopalasa ndi manja siikhota n'komwe. Nkhono ina ikadzapentedwa, ndodo ikhale ya mita imodzi kapena kuposa. Pa mita imodzi imatuluka mamita 15 ndi 13.5, mizere mamita 180, ndipo pabwalo ngati lino ingakwane bwino pokhapokha mbali ya 15 itagona m'litali mwa bwalo.

Penti wayamba kuda pakhomo ndi pamtanda, pomwe mapazi onse amadutsa, koma ndi dothi chabe, likuchoka ndi madzi ndi tsache. Kusesa kawiri pa sabata n'kofunika, chifukwa mchenga wotsalira pansi pa nsapato ndi umene umapala penti, osati nsapatoyo.

Okutobala, sabata yachiwiri

Kutentha kwafika pachimake. Pofika 10 koloko palibe woyenda wopanda nsapato, ndipo nkhono imadzaza m'mamawa ndi dzuwa likapendeka. Mthunzi wa kachere umafika pamikombero yakum'mawa m'mawa mokha. Madzulo bwalo lonse limakhala pamtetete. Komiti ikukamba zodzala mitengo kumadzulo, ndipo tapempha kuti isakhale ya mizu yoyanza ngati kachere, ikhalenso kutali ndi konkire mamita osachepera asanu.

Tayendera mzere wonse ndi bulashi ya waya ndi choko chofiira, kulemba paliponse pomwe penti wafooka. Malo ndi atatu. Pachigamba chachikulu chija, chomwe chinachita thukuta pansi pa pulasitiki, wachikasu watukuka kutalika kwa masentimita 30, ndipo pansi pake pali ufa woyera. Masiku anayi owonjezera aja sanakwane. Chigamba chakuya chimafuna kuyesedwanso ndi pulasitiki mpaka chiume, osati kungowerenga masiku. Pomwe panali banga la oilo woyera wachita mathothomathotho achikasu, mafuta otsalira mkati akukwera ndi kutentha. Pamenepa tipala mpaka konkire, kutsukanso, n'kupenta kawiri mopyapyala. Malo achitatu ndi mng'alu watsopano wopyapyala ngati ulusi womwe wadula mauta awiri akunja chakum'mawa, kulunjika kukachere. Umenewu si wa penti, ndi muzu. Tauyeza ndi kuulemba m'mphepete kuti tione ngati ukukula.

Penti wotsala ndi lita imodzi ndi theka woyera ndi kupitirira theka la lita wachikasu. Tamuthira m'zitini zazing'ono zodzaza mpaka kukamwa, chifukwa m'chitini chachikulu chokhala ndi mpweya wambiri amachita chikhungu pamwamba. Zokonza zitatuzi zichitike mwezi uno mvula isanayambe, apo ayi zidikire mpaka Epulo. Kupenta kwathunthu kwachiwiri takuika kumapeto kwa Epulo, konkire itauma, kuti nkhono idzakhale yowala Loweruka loyamba la Meyi, tsiku lomwe okonda ma labyrinth m'maiko osiyanasiyana amayenda pa World Labyrinth Day.

Misomali isanu ija inazulidwa tsiku lomwe choko chinatha, kuopa zala za ana. Mabowo ake sitinamate ndi simenti. Takhomamo timitengo tolimba todula mofanana ndi konkire, n'kudontheza penti wofiira pamwamba, ndipo waya wa zizindikiro, kathabwa ka choko ndi ndodo ya masentimita 80 zasungidwa pamodzi m'thumba limodzi kwa mlembi wa komiti. Mvula yoyamba ikagwa tidzabwera ndi choko kudzazunguliza paliponse pomwe madzi adikha, makamaka pamkombero wakunja chakumwera, womwe wadutsa masentimita 40 okha kuchokera pathawale lija.